Belu la Voti

Belu loitanira aphungu kukavota litayamba kulira, Choko anali atadzitsekera kale m'chimbudzi cha Nyumba ya Malamulo. Anakhala pa chivundikiro, suti ili m'thupi, tayi ili m'khosi. M'mimba munalibe vuto lililonse.

Lamulo la nyumbayo ndi losavuta. Belu likasiya kulira, alonda amakiya zitseko, ndipo wotsala panja amatsala ndi voti yake, kaya ndi nduna kaya ndani. N'chifukwa chake pa tsiku la bilu yovuta aphungu ena amatsegula m'mimba mwadzidzidzi. Choko ankawaseka anthu oterowo, n'kumawatchula amantha. Lero anali mmodzi wa iwo, ndipo manyazi ankamuwotcha nkhope.

Biluyo inali ya a Tsache, mkulu amene anthu anamupatsa dzinali chifukwa cholonjeza kusesa akuba onse m'boma. Inkapeputsa msonkho wa ogulitsa m'misika n'kuwonjezera wa makampani akuluakulu. Inkadulanso maulendo a nduna. Koma mano ake enieni anali pa ndime imodzi: aliyense wolandira ndalama za boma osamaliza ntchito alowe m'ndende, katundu wake alandidwe.

Choko ankaikhulupirira ndime imeneyo ndi mtima wonse. Asanalowe ndale anali mphunzitsi, ndipo kumeneko ndi kumene kunachokera dzina lake. Anaphunzitsapo ana atakhala pa simenti yozizira, makope ali pa maondo, pamene madesiki awo anali atalipiridwa kalekale. A Tsache ndi amene anamuchotsa m'kalasi n'kumuphunzitsa kuima m'nyumbayi osanjenjemera. Dzulo lomweli anamugwira paphewa n'kumuuza kuti mavoti ayandikana kwambiri, wina asayerekeze ngakhale kutsokomolera panja.

Nanga n'chiyani chinamukhazika pa chivundikiro? Achimwene ake.

Bambo awo atamwalira, achimwenewo anasiya sukulu n'kuyamba kupala matabwa kuti iye aphunzire. Ntchitoyo inakula mpaka anapatsidwa kontilakiti ya madesiki a sukulu za boma. Anapereka ena, ndalama za enawo n'kugulira lole, poganiza kuti adzamaliza loleyo ikayamba kubweza. Lole inafa, madesiki osaoneka. Dzulo madzulo alamu ake, akazi a achimwenewo, anabwera kunyumba kwa Choko, n'kukana mpando, n'kukhala pansi. Sanapemphe kanthu. Anangofunsa kuti ana adzawauza kuti bambo awo anamangidwa ndi ndani.

Chibale n'fupa, sichiola. Koma mwambi umenewu sunamutonthoze Choko ngakhale pang'ono, pakuti ana okhala pa simenti aja nawonso ali ndi abale awo.

Belu likadalira, chitseko chachikulu cha chimbudzi chinatseguka. Munthu analowa mwakachetechete, nadzitsekera m'kachipinda koyandikana. Choko anatchera khutu. Akakhala mtolankhani ndiye mawa dziko lonse lidziwa kumene phungu wolimba mtima uja anavotera. Anakweza miyendo kuti nsapato zisaoneke pansi pa chitseko. Bambo wamkulu, woimira anthu zikwizikwi, atakumbatira maondo ngati mwana wothawa jakisoni.

Akanathabe kuthamanga. Khonde silinali lalitali. Anagwira loko, n'kuona nkhope ya achimwene ake ili mbuu ndi fumbi la matabwa, dzanja n'kugwa lokha.

Belu linati zii.

Zotsatira sizinachedwe. Mawu a Sipikala anamveka pa chokuzira mawu cha m'khonde: bilu yagwa, ndipo yagwera pakhomo penipeni. Ovota kuti ayi anaomba matebulo mpaka makoma a chimbudzi kunjenjemera. Choko anabisa nkhope m'manja. Achimwene apulumuka, inde, koma iye sanamve kukoma kulikonse. M'maganizo mwake ankangoona a Tsache ali pampando wawo, imvi zili mbee, akuyang'ana mpando wopanda munthu wa mwana amene anamulera okha pa ndale. Ntchito ya zaka zambiri, yophedwa ndi mnzawo wodya naye mbale imodzi.

Anaganiza zonama kuti m'mimba munamupotokola, koma bodzalo linamunyansa lisanatuluke n'komwe. Mkuluyo sanali woyenera kunamizidwa. Apita, akaima pamaso pawo, amve zonse zimene anganene. Akamulavulira, alavuliridwe.

Anatsitsa miyendo, natuluka, natsegula mpope. Madzi anali akuyenderera m'manja mwake pamene loko wa kachipinda kena kaja analira. Choko sanafune kutembenuka. Anangokweza maso pa galasi.

Kumbuyo kwake kunaima a Tsache, maso ali psuu, tayi itapindika. Maso awo anakumana m'galasimo. Kenako mkuluyo anafika pa mpope wina, nayamba kusamba m'manja pang'onopang'ono.

"Ine ndi mwana wanga wamkazi. Za kontilakiti yake ndazimva masana ano," anatero motsitsa mawu. "Nanga iwe, mphwanga, wako ndi ndani?"