Mbatatesi za Ulendo wa ku Falansa

Wiebe anali atagwada m'galimoto yake yogonamo, akulonga matumba a mbatatesi kunsi kwa bedi, pamene mwana wake Femke anasuzumira pakhomo.

"Bambo, kodi ku Falansa kwagwa njala?"

"Za kumeneko n'zamadzi. Amayi ako sankazilawa n'komwe."

Kwa zaka makumi atatu, kukangoyamba kutentha, malemu Tjitske, mkazi wa Wiebe, ankaziwerenga yekha asananyamuke kwawo ku Leeuwarden kupita kutchuthi ku Falansa: zitatu pa munthu tsiku lililonse. Ankazisenda galimoto ikuyenda, makoko ali pamiyendo, uku akukalipira mwamuna wakeyu kuti akuthamanga.

Femke anayang'ana matumbawo, kenako mpando wakutsogolo umene amayi ake ankakhalapo.

"Mwalonga za anthu awiritu, bambo."

Wiebe anabwezera m'thumba mbatatesi imene inali m'manja mwake.

"Ndiye katenge chikwama chako," anatero. "Koma kusenda umatha iwe?"