Tsiku limene a Tumbikani anagawa dziko

A Tumbikani anatsika pa njinga yamoto ya bodaboda thukuta lili kamukamu, tayi itakwera paphewa. Jamu ya magalimoto pa Mombasa Road inali itawadyera nthawi, ndipo mtima unali m'mwamba poopa kuti mtsutso ungathe iwo asanatsegule pakamwa.

Bamboyu anali atangofika kumene ku Nairobi kudzagwira ntchito kubungwe lina la mpingo, moti Amalawi ambiri a mumzindawu sankamudziwa nkhope. Dzina lokha ndiye linkadziwika pagulu lawo la WhatsApp, pomwe a Tumbikani ankalemba osapuma kuti chigawo cha kumpoto chipatuke, chikhale dziko palokha. Ena akati boma la fedulo n'lokwanira, iwo ankayankha kuti kumeneko n'kumanga chilonda ndi kansanza. Akuluakulu a gululo atatopa nawo, anakonza zoti nkhaniyi ikakambidwe maso ndi maso Loweruka, muholo ya tchalitchi china ku South C. A Tumbikani anayeserera mawu awo sabata yonse, mpaka m'bafa momwe.

Mlonda wa pageti atangomva kuti ndi Mmalawi, anawalozera chitseko cha holo.

Mkatimo anthu anali atakhala magulu awiri, kanjira pakati. Kumanzere kunkamveka manong'onong'o a Chitumbuka. Kumanja kunali malankhulidwe a ku Thyolo enieni.

"Mwaonatu," anadziuza mumtima. "Pokhala pokhapa tagawikana kale."

Anakhala kumbuyo, mbali ya kumanzere. Kutsogolo kunali bambo wina wa imvi wa mbali inayo, amene ankamaliza mawu ake.

"Miyambo yathu ndi yosiyana, inde. Inu kumpoto muli ndi kachitidwe kanu, ife kummwera tili ndi kathu. Koma zimenezo zisatilepheretse kukhala banja limodzi."

Holo yonse inawomba m'manja. Chimene chinawapweteka a Tumbikani n'choti akwawo ndi amene ankawomba mwamphamvu, amayi ena mpaka nthungululu. Anthu akalawa tiyi wa ku Nairobi amaiwala fumbi la kwawo, anaganiza motero akukukuta mano.

Wapampando, mayi wa kummwera wa magalasi amene anthu ankamutchula kuti a Margaret, anayang'ana kumanzere. "Alipo wa mbali ya kumpoto amene ali ndi mawu tisanapitirire?"

A Tumbikani anali ataima kale. Anayenda m'kanjira kaja pang'onopang'ono, akukonza tayi, n'kukatembenukira anthu.

"Abale anga, ine sindinabwere kudzanyengerera munthu. Mukuti banja limodzi? Ine ndikuti ukwati umenewu ndi wokakamiza!"

Munthu wina anagwetsa botolo la madzi. A Tumbikani anadziwa kuti muvi walasa.

"Anthu ena anakhala pansi kwinakwake n'kumangirira mbali ziwirizi pamodzi. Eni ake anawafunsa? Taonani mmene zimakhalira. Wina amalima, wina amangobwera ndi supuni. Wina akadandaula, akuti pirira, banja ndi kupirira. Tipirire mpaka liti?"

"Kodi amenewa ndi ayani?" anafunsa mayi wina kumanja.

"Si a kwanu?" anayankha wina kumanzere.

Iwo sanasamale. Munthu wonena zoona sasowa omukana. Pampando wa kutsogolo mtsikana wina anali atagwira kukamwa, misozi ili chuchuchu. Mnyamata amene anakhala pambali pake anafuna kudzuka, koma anzake awiri anamukokera pansi ndi jekete. A Tumbikani anamuloza chala.

"Musiyeni mnyamatayo! Akupsa mtima chifukwa akudziwa kuti sindikunama. Iweyo ukadali mwana, sunaone. Lero akukusekerera anthu awa, koma dikira alowe m'nyumba. Udzapempha chilolezo chokhalira pampando wako womwe."

Bambo wa imvi uja anavula chipewa n'kuyamba kudzikupiza nacho.

"Ndipo ana amene adzabadwe mawa, tidzawauza chiyani? Kuti tinaona dzenje ndi maso athu, koma tinalowamo poopa kukhumudwitsa alendo? Ayi! Kuli bwino tisiyane lero tikusekerana, kusiyana n'kudzasiyana mawa titagwira zikwanje. Aliyense atenge katundu wake, abwerere kwawo. Ndatha ine."

Anawerama pang'ono n'kudikira m'manja. Munalibe ngakhale wotsokomola. Panja minibasi ina inaliza hutala n'kudutsa.

A Margaret anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kuwavalanso.

"Pepani bambo, tikudziweni. Kodi mwabwera chifukwa cha Wanangwa?"

A Tumbikani anamwetulira. Sankayembekezera kuti mayi wa kummwera angadziwe kuti pa Chitumbuka, wanangwa ndi ufulu.

"Mwalasa, mayi! Wanangwa weniweniyo. Ndipo sindituluka muno mpaka titamulanditsa m'manja mwa anthu awa."

"Wanangwa ndi uyo amugwira jeketeyo," anatero a Margaret motsitsa mawu. "Akulirayo ndi Lonjezo, bwenzi lake. Uno ndi msonkhano wokonzekera ukwati wawo. Anzanu a ndale aja anasamutsira mtsutso wawo kudera la Utawala."

A Tumbikani anayang'ana chitseko, n'kuona kuti chili kutali ngati ku Chitipa. Pamenepo m'pamene panamveka kuwomba m'manja kwa munthu mmodzi yekha, mwamphamvu ndi mochokera pansi pa mtima. Anali mayi ake a Lonjezo.