Mboni Yomwetulira

"Mayi, tiyeserenso," anatero loya akupukuta thukuta. "Mawa woweruza akakufunsani kuti ngozi ya ndege ija inawasintha bwanji amuna anu. Mukayankha chiyani?"

"Inawasintha zedi!" anatero mayiwo, nkhope ili ngwee. "Kumowa anasiya. Dzuwa likamalowa amakhala ali pakhomo. Dzana anandithandiza kuyanika zovala, ndodo ili m'khwapa."

Loyayo anagwira mutu. Kwa miyezi yambiri ankalimbana ndi kampani ya ndegeyo kuti ilipire opaleshoni ya mwendo wa bambowo, umene unathyoka ndege itaphonya msewu wake potera. Tsopano mboni imene ankaidalira inkamveka ngati ikuthokoza kampaniyo.

"Nanga zowawa palibe?"

"Zilipo. Mwendo ukavuta sagona, ndiye timangocheza. Chikwatiranireni sitinachezepo chonchi."

Bambowo, amene anakhala pambali mwendo atausanjika pampando, anatsokomola. "Mayi a ana, mukuwononga mlandu."

"Ndiye ndiname?"

"Musaname ayi," anatero loya. "Mukanene za ululuwo ndi za ntchito imene anasiya. Koma chonde, kumwetuliraku mukakusiye kunyumba. Woweruza akaone kuti mtima ukukupwetekani."

Mayiwo anayang'ana amuna awo, kenako loyayo.

"Tikapambana, mwendowu uchiriratu? Aziyendanso ngati kale?"

"Ngati kale ndithu. Kulikonse kumene angafune."

Kumwetulira kuja kunazima pang'onopang'ono. Mayiwo anapisa m'chikwama n'kutulutsa kampango.

"Basi, a loya, musadenso nkhawa. Mawa ndikalira."