Mayi Wamagalasi wa pa Benchi Yomaliza

Mkazi wa kalipentala sankakonda kutsuka tikapu ta Mgonero. Lero anadzipereka yekha, chifukwa anaona kuti mayi wamagalasi uja walowa kale m'kachipinda ka kuseri kwa guwa, atapinda manja a bulauzi.

Anaima moyandikana pa sinki, wina akutsuka, wina akupukuta. Panja anthu anali akupatsanabe moni.

Mkazi wa kalipentala anamuyang'ana cham'mbali. Kukongola kwenikweni panalibe. Imvi zinali zitayamba kutuluka, nsapato zitadyeka chidendene. Nanga mwamuna wake anaonapo chiyani pamenepa?

Pa zaka zisanu ndi zinayi za ukwati wawo, kalipentalayo anali munthu wa phee. Sankamwa, sankakalipa, komanso sankaseka. Kutchalitchi ankapita ndithu, koma ankakhala pa benchi yomaliza, ndipo mbale ya Mgonero ikafika pa iye ankangoipatsira kwa wotsatira. Mkazi wake anayesa zonse. Anasala kudya, anaitanira abusa kunyumba, anafunsa mofatsa, anafunsanso mokalipa. Yankho silinkasintha: "Zisiyeni, mayi. Ine sindili woyenera."

Miyezi iwiri yapitayo kunabwera mayi ameneyu, mlendo wosadziwika ndi aliyense mumpingomo. Lamlungu loyamba lomwelo anangolunjika ku benchi yomaliza n'kukhala pafupi ndi mwamuna wa mwini. Mapemphero atatha, awiriwo anaima pakhonde kwa ola lathunthu. Mkazi wa kalipentala anali mkati, akuphunzira nyimbo ndi anzake a kwaya, ndipo anawaona pawindo. Anaona mayiyo atagwira dzanja la mwamuna wake ndi manja onse awiri. Nyimbo ya tsiku limenelo sanaigwire ngakhale mzere umodzi.

Kuyambira pamenepo bambo anasintha. Anayamba kuimba mluzu popala matabwa. Lachitatu lililonse masana ankameta ndevu, kuvala malaya osita, kutenga Baibulo n'kuchoka. Akafunsidwa ankangoti, "Ndikuuzani, mundipatse nthawi pang'ono." Tsiku lina anakhoma kampando kosalala bwino, kupaka vanishi kawiri, n'kupita nako. Kunyumba chitseko cha kabati chinali chikulendewera chichokere chaka chatha.

Kenako za lerozi. Ali pamalo a kwaya, mkaziyo anaona mbale ikufika ku benchi yomaliza. Mwamuna wake sanaipatsire. Anatola mkate, anadya, anamweranso chikho. Atatha anadzutsa mutu. Sanayang'ane kukwaya kumene kunali mkazi wake. Anayang'ana mayi wamagalasi, ndipo mayiyo anamugwedezera mutu.

Izi n'zimene zinamuwawa kuposa zonse. Akanawapeza akugwirana m'chiuno kuseri kwa sitolo, akanadziwa pogwira. Koma chinthu chimene iye anachigwadira zaka zonsezi, mpaka mawondo kuda, chinabwera kudzera mwa mkazi wina. Anayesa kuthokoza Mulungu, koma analephera.

Anatsuka tikapu tina titatu asanatsegule pakamwa.

"Amuna anga mwawasangalatsa, mayi," anatero. "Chikwatiwire ine sindinawamvepo akuimba mluzu."

"Ndi Ambuye amenewo, si ine," anayankha mayi wamagalasi.

"Kani Ambuye amapezeka kwanu, Lachitatu lokha?"

Mayiyo sanakwiye. Anapitiriza kupukuta, akundandalika tikapu m'thireyi mosamala, ndipo kudekha kwakeko kunangowonjezera moto.

"Timawerenga Masalimo," anatero. "Mchemwali wanga amakhala pomwepo nthawi zonse. Mukhoza kudzamufunsa."

"Masalimo ndili nawo kunyumba. Baibulo langa silinathothoke masamba."

"Ndikudziwa mmene zikuonekera. Ndakhala ndikuwauza kuti akufotokozereni, koma amaopa kuti mukamva simudzawayang'ananso chimodzimodzi. Anati akuuzani lero mukafika kunyumba."

Mkazi wa kalipentala anatseka mpopi. Ndiye kuti zafika poti aziuzidwa? Mumtima anayamba kale kuganiza za ana ake awiri, za chikwama chachikulu chili pamwamba pa wadiropu, za zimene akanene kwa mayi ake. Koma anatsimikiza kuti salira pamaso pa munthu ameneyu.

"Sindidikira zakunyumba," anatero. "Mundiuze inuyo, pompano, m'nyumba ya Mulungu muno. Munadziwana liti?"

"Papita zaka khumi ndi zinayi."

Zaka khumi ndi zinayi. Ndiye kuti mlendo ndi iye mwini, mkazi wapanyumba, amene anabwera pambuyo. Ndiye kuti chete yense uja, kusaseka konse kuja, bambo ankalira mkazi amene anamutaya.

"Bwanji sanakukwatireni inuyo, m'malo mondivutitsa ine?"

Mayi wamagalasi anaika kansalu pansi. Anavula magalasi, anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kumuyang'ana.

"Tinadziwana m'khoti, mayi. Asanayambe za matabwa anali dalaivala wa basi, ndipo tsiku lina anasinza pa chiwongolero mwana wanga wamkazi akuwoloka msewu. Mwanayo sanapulumuke. Zanditengera zaka zonsezi kuti ndiwakhululukire, ndiye ndinawafunafuna kuti amve pakamwa panga."