Fupa la a Rodrick

"Valani, mwasakanizanso Chichewa!" anakalipa a Rodrick, aphunzitsi a Chijapani, akumuponyera Rozina fupa la ng'ombe lomangidwa pachingwe.

Fupalo linkanunkha thukuta la makosi onse amene linadutsamo. Rozina, mayi wa ana awiri, analivala m'khosi. Mlandu wake unali kungofunsa mnzake kuti, "Kodi arigato ndiye zikomo?" Lamulo linali loti ulivale mpaka utamva wina akusakaniza, umupatsire.

"Mukufuna kukaphunzira ulimi wa mpunga ku Japan ndi chilankhulo cha pamsika wa Golomoti? Mlendo akubwera lero, asamve nyansi zimenezi!" anapitiriza a Rodrick.

Posakhalitsa mlendoyo analowa m'kalasimo, mayi wachijapani amene ankasankha alimi opita kumaphunziroko. A Rodrick anawerama mpaka chipumi kutsala pang'ono kugunda tebulo.

"Konnichiwa nonse! Mwaswera bwanji?" anatero mayiyo. "Pepani ndachedwa, minibasi inafa panjira."

Rozina anavula fupa lija, n'kupita kukagwada pamaso pa mlendoyo, kulipereka ndi manja awiri.

"Arigato! Ndi mphatso yanga?"

"Aphunzitsi akufotokozerani," anatero Rozina. "M'Chijapani."