Kumbuyo kwa Lole ya Kachewere

"Mwathamanga 96 pamalo pa 60, bambo. Tsikani," anatero wapolisi wa pamsewu.

Stanislaus anatsika. M'galimoto munatsala mkazi wake Veronika, woyembekezera, yemwe ankapita naye kusikelo ku Dedza.

"Bwana, kuchokera pa Linthipe ndakhala kumbuyo kwa lole ya kachewere. Ikungopita uku ndi uku, dalaivala wake waledzera ameneyo! Thumba lina lagwa pamaso panga penipeni. Ndikanadikira kuti andiphere mkazi? Ndathamanga kuti ndiipitirire basi."

"Kamera siona lole, imaona liwiro."

"Nanga inuyo maso mulibe?"

"A Stani, chonde," anachonderera Veronika pawindo.

Wapolisiyo anayamba kulemba mlandu mosafulumira. Asanamalize, lole ija inatulukira ikukwawa pachitunda, matumba atapendekeka, matayala akudumpha mzere wapakati.

"Ndi imeneyo! Iimitseni muone nokha!" anakuwa Stanislaus.

Wapolisi anailozetsa kamera n'kuwerenga. "42. Ameneyu ndiye akutsata lamulo."

Dalaivala wa lole anakweza dzanja kupereka moni, n'kudutsa.

"Mwamusiya? Mwamusiyadi apite?"

"Tengani pepala lanu. Muyende bwino, koma musapyolenso 60."

Stanislaus anamenyetsa chitseko n'kuliza galimoto. Atangokhota pakona yoyamba anaipezanso lole ija, ikupepeluka pakati pa msewu. Kutsogolo kunalibe galimoto ina, mpata wopitirira unalipo. Anayang'ana mkazi wake, anayang'ana pepala lija, kenako anachepetsa liwiro n'kulowa kumbuyo kwake.