Tsitsi Lometedwa Dzulo Linameranso pa Chithunzi

Panali mayi wina, wogulitsa mafoni pa shopu ina ya m'tauni. Amuna ake anali ometa tsitsi. Anali ndi mwana mmodzi wamwamuna wa zaka zitatu, wolongolola kwabasi, moti aneba onse ankangomutcha Wailesi. Nkhaniyi ndi yoona, ine ndinaimva kwa munthu amene amametetsa kwa bamboyo.

Wantchito wawo wolera mwana atasiya ntchito, mayi uja anayamba kusaka sukulu ya mkaka. Anaipeza pa foni. Geti lopaka utoto, yunifolomu yokongola, chipinda chodzaza ndi zidole. Mwini sukuluyo analonjezanso kuti tsiku lililonse azitumiza chithunzi cha mwana. Mayi anangoti basi, ndi yomweyi.

Mlamu wake, mchemwali wa amuna ake, atamva anamufunsa kuti, "Mlamu, m'katimo mwalowamo?"

"Anandionetsa chipinda chakutsogolo. Chokongola zedi."

"Nanga chimbudzi? Nanga pogona ana masana? Mwafunsa kuti mphunzitsi mmodzi amayang'anira ana angati? Mukapiteko masana osawauza, mukadzionere nokha."

"Iii, inunso mlamu! Ndisanduke wapolisi? Kumeneko makolo amathera pa geti. Akuti ana akaona amayi awo amalira."

Mlamu anangoti, "Chabwino, mwana ndi wanu."

Zithunzi zinkabweradi. Lero Wailesi wagwira kagalimoto, mawa akumanga nyumba ndi timatabwa. Mayi ankaonetsa makasitomala onse, ngakhale amene angobwera kudzagula chaja.

Koma kunyumba mwana anayamba kusintha. Ukamufunsa kuti kusukulu kunali bwanji, ankangoyang'ana pansi. Nyimbo zonse zinatha. M'mawa akaona yunifolomu ankabisala kuseri kwa chitseko. Tsiku lina mayi anamupeza atandandalitsa nsapato kukhoma, akuziloza ndi chala, akunong'ona kuti, "Chete! Wolankhula sadya." Mayi anangoseka n'kunena kuti mwana wayamba kuphunzira ulemu. Abale, ulemu wake uti?

Madzulo ena bambo anamukhazika mwana pa mpando n'kumumeta mpala. Mawa lake masana chithunzi chinafika ngati mwa nthawi zonse, ndipo mayi anawatumizira amuna ake. Posakhalitsa foni inalira.

"Mayi a mwana, chithunzichi akuti n'cha liti?"

"Cha lero. Bwanji?"

"Tayang'anani mutuwo. Ine ndameta anthu zaka zambiri, koma tsitsi lomera usiku umodzi sindinalionepo."

Mayi anakulitsa chithunzi chija. Tsitsi lili bii mutu wonse. Anabwerera pa zithunzi zakale zonse: chipinda chomwecho, zidole zomwezo, tsitsi losasintha ngakhale pang'ono. Yunifolomu yofanana tsiku lililonse ndi imene inkamuphimba m'maso. Akusukuluwo anamujambula mwana tsiku limodzi lokha, n'kumatumiza chimodzichimodzi.

Anasiyira mnzake shopu n'kuthamangira kusukulu. Mlonda anati, "Mayi, nthawi yotenga ana sinakwane."

"Ndatenga mwana kodi? Ndabwera kudzamuona. Tsegulani."

Chipinda cha zidole chinali chokiya, mulibe mwana ngakhale mmodzi. Mayi anatsata kulira mpaka kuseri. Kumeneko anapeza kachipinda ka zenera limodzi, ana ali thothotho pansi, TV ikulira. Wowayang'anira anali mmodzi yekha, khanda lina kumsana, lina m'manja, thukuta lili kamukamu. Wailesi anali pakona, kabudula atanyowa, chala chili pamlomo.

Woyang'anira uja anagwetsa misozi. "Mayi, mundikhululukire. Tinalipo atatu, anzanga anachoka. Ndekha sindingathe. Ndikapanda kuwauza kuti akhale chete, makandawa sagona."

Mayi sanakalipe. Ananyamula mwana wake, nayenso akulira, chifukwa anadziwa kuti anayenera kulowa m'chipindamo kalekale. Madzulo omwewo anaimbira makolo anzake n'kuwauza zimene anaona. Anapita limodzi ku ofesi yoyendera sukulu za ana, ndipo sukuluyo anaitseka mpaka italemba aphunzitsi okwanira ndi kutsegulira ana zipinda zonse.

Kenako mayi anapita kwa mlamu wake, manyazi ali m'maso. Mlamu sanamukumbutse zakale. Anangoti, "Valani nsapato, tikasake limodzi."

Ulendo uno ankalowa paliponse. Ankasuzumira m'zimbudzi, kuona ngati pali madzi ndi sopo, kufunsa kuti mwana akadwala amatani, komanso amene amaloledwa kudzamutenga. Kwina anawakaniza kulowa, iwo n'kubwerera pomwepo. Mapeto ake anapeza kasukulu kosaoneka bwino kunja, utoto wosuluka, koma ana ali wekeweke pamchenga, aphunzitsi atakhala nawo pansi pomwepo.

Tsiku loyamba Wailesi anakakamira siketi ya amayi ake. Anayang'ana anzake akufuula, akuseka, popanda wowaletsa. Ndiye anakoka siketi ija n'kunong'ona kuti, "Amayi, kuno wolankhula amadya?"

Mphunzitsi anamva. Anagwada mpaka maso awo analingana, nati, "Amadya, mwanawe, ndipo amawonjezera. Tandiuza, ndani anakumeta bwino chonchi?"

Mwana anayang'ana amayi ake kaye. Kenako anati, "Adadi. Ali ndi makina olira kuti zzzz." Ndipo anapitiriza za makinawo, za mpando wozungulira, za kasitomala wina amene anagona akumetedwa. Mayi anachedwa kuntchito tsiku limenelo. Anangoima pakhomo misozi ili mbwembwembwe, akumvetsera mpaka nkhani yonse inatha.

Phunziro: Kholo lisamathere pa geti. Lowani, onani pomwe mwana wanu amakhala, amagona ndi kudzithandiza, funsani kuti munthu mmodzi akusamala ana angati, ndipo nthawi zina muzingotulukira osanena. Mwana wolongolola akayamba kukhala duu, musati wakula, fufuzani. Tumizani nkhaniyi kwa kholo lina lililonse limene m'mawa uno lasiya mwana pa geti.